Chombo, anthu kapena tsatanetsatane: muyambire pati pokonza nthano ya achifwamba apanyanja?

Agogo akati "Padangokhala", adzukulu timavomera kuti "Tili tonse", koma nthanoyo imakhala ya agogo basi. Fisi sangapulumuke chifukwa choti mdzukulu wamumvera chisoni. Masewera amene ndikunena pano, omwe ambiri amangoti RPG, amapereka mphamvu kwa ovomerawo. Munthu mmodzi, wotsogolera, amafotokoza nyanja, mphepo, madoko ndi adani. Ena onse aliyense amatenga mtengambali mmodzi n'kumanena zimene iyeyo achite, ndipo pamene pakukayikitsa madayisi ndiwo amagamula. Masewera a mtunduwu anafala kuyambira mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons.

Nthano ya achifwamba apanyanja ili ndi vuto lakelake. Pamtunda mtengambali akakwiya amatha kunyamuka n'kukagona kumudzi wina. Panyanja onse ali m'chombo chimodzi, akumwa madzi a mumgolo umodzi, ndipo kumene chiwongolero chaloza n'komwe aliyense akupita, afune asafune. N'chifukwa chake zimene mwagwirizana musanaponye dayisi yoyamba zimalemera kwambiri pano. Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo sindibisa kuti pali imene ndimaikonda kuposa zinzake.

Wotsogolera abwere ndi zophikaphika

Iyi ndi njira imene anthu ambiri amayambira. Mmodzi amakhala pansi sabata yonse, kujambula mapu, kutchula mayina a zilumba, kulemba mdani wamkulu ndi mmene nkhani idzathere. Kapena amagula nthano yolembedwa kale. Chitsanzo chodziwika ndi Skull & Shackles, yomwe kampani ya Paizo inatulutsa mu 2012 m'mabuku 6 a masewera a Pathfinder. Imayamba mwanzeru: atengambali onse amadzidzimuka ali m'chombo chotchedwa Wormwood, atagwidwa mokakamiza kuti akhale antchito, ndipo chimene chimawagwirizanitsa ndi nkhanza za akuluakulu a m'chombomo. Palibe amafunsa kuti "nanga ife tikuyendera limodzi chifukwa chiyani?" poti yankho lili pamsana pawo.

Ubwino wake ndi liwiro ndi chinsinsi. Anthu amafika, kukhala, n'kuyamba. Wotsogolera amatha kubisa zinthu zimene zidzadzidzimutse gulu patatha miyezi iwiri, zomwe sizitheka ngati aliyense anathandiza kuzilemba. Kwa anthu amene sanasewerepo, kapena ngati mukufuna nthano ya madzulo awiri kapena atatu okha, njirayi ndi yabwino ndithu.

Imagwa pa nkhani ya chiwongolero. Mwalemba masamba khumi a zimene zidzachitike kudoko la Port Royal, osewera akuti tikhotere kuchilumba cha Tortuga. Wotsogolera amayamba kutumiza namondwe, kenako zombo zankhondo zitatu, kenako kalata yowaitanira komwe iye anakonza. Osewera sachedwa kuzindikira kuti nyanja yonse ikuwakankhira kudoko limodzi, ndipo akazindikira amasiya kuganiza, amangodikira kuuzidwa. Munthu amasankha nthano ya achifwamba chifukwa akufuna ufulu woloza kulikonse. Mukamulanda umenewo mwamusiyira chipewa ndi lupanga chabe. Palinso za mthumba: mabuku oterowo ndi achingerezi, ngokwera mtengo, ndipo katundu wowerenga yense amagwera munthu mmodzi.

Aliyense akalembe mbiri yake kunyumba

Pa iyi sinditaya nthawi yambiri. Wotsogolera amati "bwerani ndi mbiri ya mtengambali wanu", ndipo Loweruka pamafika anthu asanu, atatu mwa iwo ali ana a makaputeni ophedwa amene akufuna kubwezera, wachinayi ndi mwana wa mfumu wobisala, wachisanu salankhula ndi munthu. Wophika palibe. Wosoka matanga palibe. Mbiri iliyonse ndi nthano yathunthu imene inatha kale masewera asanayambe, ndipo palibe pamene ikukhudzana ndi ya mnzake. Amene analemba masamba anayi amakhumudwa poona kuti anzake sanawerenge.

Chopulumutsa pa njirayi n'chakuti anthu amanyazi amaganiza bwino ali okha. Ngati muli nawo otere, apatseni mizere itatu yokha yoti akabwere nayo: chimene mtengambali akufuna, amene ali naye ngongole, ndi chimene akubisa. Zina zonse zidikire patebulo.

Kulukana patebulo

Apa gulu limapatula tsiku loyamba lonse kuti likhale lokonza, osasewera. Atengambali amabadwa onse akuona, ndipo aliyense amalowetsa dzanja m'mbiri ya mnzake. Masewera angapo anakonza njira zochitira zimenezi, ndipo mukhoza kubwereka njirayo popanda kugula buku.

Mu Fate Core, ya mu 2013, aliyense amalemba pakapepala chochitika chimodzi cha m'moyo wa mtengambali wake, n'kupatsira kapepalako kwa mnzake, amene amawonjezera mmene wake analowereramo, kaya anathandiza kaya anasokoneza. Kamazungulira kawiri. Pomaliza aliyense amakhala atakumanapo ndi anthu awiri a pagulupo. Mu Fiasco, ya Jason Morningstar ya mu 2009, mulibe wotsogolera n'komwe: aliyense amakhala ndi ubale ndi wakumanja kwake ndi wakumanzere kwake, ndipo paubalepo pamamatidwa chosowa, chinthu kapena malo. Apocalypse World, yomwe inatuluka mu 2010, imagwiritsa ntchito mafunso, ndipo imalamula wotsogolera kuti asakonzeretu mathero koma asewere kuti aone chimene chichitike.

Mafunso ndiwo ndimawadalira, makamaka amene ali ndi mbedza. Funso loti "kodi mumadziwana bwanji?" limabala yankho lozizira. Yerekezani ndi ili:

"Achimwene, mwati wanu ndi wowombera mizinga. Ndani pano anakuonani mukugulitsa wonga wa chombo kudoko lapitalo?"

"Akhale dokotala. Koma sanaulule."

"Achemwali, dokotala ndi wanu. Mwakhaliranji chete?"

"Chifukwa ndalamazo anagulira mankhwala amene ndinamutuma mobisa."

M'mizere inayi mwapezeka mlandu, mboni, ngongole ndi munthu wodwala amene sitinamudziwe. Wotsogolera sanalembe kalikonse, wangofunsa.

Kuipa kwake kulipo. Tsiku lonse limapita osaponya dayisi, ndipo ena amabwerera kwawo akuona ngati anyengedwa. Olankhula kwambiri amadzaza mbiri za anzawo. Ndinaonapo mtsikana wina pagulu lathu atakhala chete madzulo onse, pomaliza n'kupezeka kuti mtengambali wake wasanduka mlongo wa uyu, wangongole wa uyo, mdani wa winayo, mwiniwake asanasankhe chilichonse. Kuyambira pamenepo lamulo lathu ndi lakuti funso lililonse mwini mtengambali ali ndi ufulu wolikana, ndipo timayankha mozungulira, wina akatha wina.

Kuyamba ndi dziko lonse

Magulu ena amakonda kumanga dziko kaye. Microscope, ya Ben Robbins ya mu 2011, imalola gulu kulemba mbiri ya zaka mazana patimakadi, kudumphira kutsogolo ndi m'mbuyo mmene lafunira. The Quiet Year, ya Avery Alder, imagwiritsa ntchito makadi 52, limodzi pa sabata iliyonse ya chaka, gulu likujambula mapu amodzi. Zonse ziwiri n'zokoma, ndipo chilumba chimene mwajambula nonse mumachikonda mosiyana ndi chimene mwangouzidwa. Koma ndaona magulu akumanga maufumu asanu ndi zipembedzo zitatu n'kutopa asanakwere chombo. Pa njirayi tengani chinthu chimodzi: Microscope imayamba ndi mindandanda iwiri, wa zimene tikufuna zikhalemo ndi wa zimene sitikufuna. Mizimu ilimo kapena ayi? Mfuti? Nyama zoopsa za pansi pa nyanja? Mphindi khumi zokha, mwapewa mikangano ya miyezi.

Kuyamba ndi chombo ndi malamulo ake

Iyi ndiyo njira yanga, ndipo si ine ndinaiyambitsa. Achifwamba enieniwo ndi amene ankachita chonchi.

Atambwali sametana, amaopa kuchekana. Anthu amene anasonkhana m'zombo zija anali akuba okhaokha, ochokera m'mayiko osiyana, ambiri atathawa nkhanza za m'zombo zamalonda ndi zankhondo. Kuti akhulupirirane ankalemba malamulo, aliyense n'kusaina kapena kudinda chizindikiro chake. Amene anasungika bwino ndi a gulu la Bartholomew Roberts, wa ku Wales, amene anagwira zombo pafupifupi 400 asanaphedwe mu February 1722 kufupi ndi Cape Lopez, komwe lero ndi Gabon. Munthu aliyense anali ndi voti pa nkhani zikuluzikulu. Juga ya makadi kapena madayisi inali yoletsedwa. Nyale zinkazimitsidwa 8 koloko usiku, ofuna kupitiriza kumwa ankakamwera panja pamwamba pa chombo. Kumenyana m'chombo kunali koletsedwa, mkangano unkakathera pagombe ndi mfuti ndi lupanga. Wobera gulu ankasiyidwa pachilumba chopanda anthu. Woduka mkono kapena mwendo ankalandira ndalama zasiliva 800 kuchokera m'thumba la onse. Kaputeni ndi quartermaster (wosunga ndi kugawa katundu) ankatenga magawo awiri aliyense, akuluakulu ena gawo limodzi ndi theka kapena limodzi ndi kota, ena onse limodzi. Oimba ankapuma tsiku la Sabata.

Werenganinso mndandandawo ngati wolemba nthano. Lamulo lililonse ndi chipsera cha chinthu chimene chinachitikapo. Analetsa juga chifukwa wina anabayidwapo pa juga. Ndiye gulu lanu likhale pansi lilembe malamulo asanu kapena asanu ndi awiri a chombo chake, ndipo pa lililonse wina ayankhe kuti: chinachitika n'chiyani kuti tilembe limeneli, ndipo ndani pakati pathu analiphwanyapo? Mukatero mbiri ya atengambali imatuluka yokha, ili yolukana kale, ndiponso mwadzala mbewu za mikangano ya m'tsogolo. Tsiku limene mwapeza bokosi la ngale ndipo mmodzi waika iwiri m'thumba, palibe amafunsa wotsogolera kuti zitani. Lamulo analemba okha.

Pambali pa malamulo, chombo chikhale ndi pepala lakelake ngati mtengambali. Maganizowa anawakonza bwino John Harper mu Blades in the Dark ya mu 2017, yomwe ndi ya mbava za mumzinda, koma m'menemo gulu lonse lili ndi pepala lake lolembapo mbiri yake, pobisalira pake ndi mmene aboma akulisakira. Pa chombo lembani dzina lake lakale ndi latsopano, amene munamulanda, mizinga ingati, pamene chimadontha, ndi amene akuchifunabe. Zombo zotchuka zinali zolanda: Queen Anne's Revenge ya wachifwamba wotchuka Blackbeard inali La Concorde ya Afalansa mpaka mu November 1717. Lembaninso zosowa. Chombo chamatabwa m'madzi ofunda chimadyedwa ndi tizilombo toboola matabwa, chimamera ndere ndi nkhono kunsi mpaka kuyamba kuyenda mwaulesi, ndipo pakapita miyezi ingapo chimayenera kukokedwera pagombe, kupendeketsedwa n'kupalidwa, mizinga ili pamchenga, adani akabwera palibe kothawira. Madzi akumwa amatha. Mmisiri wa matabwa, dokotala ndi wodziwa kulondola njira anali osowa kwambiri moti achifwamba ankawatenga mokakamiza m'zombo zimene agwira. Pamenepo pali mtengambali wokoma kuposa mwana wa mfumu wobisala: dokotala amene sanafune kukhala pano, koma tsopano wasaina.

Njirayi nayo ili ndi malire. Imakoka nthano kuti izizungulira mikangano ya m'kati mwa gulu, ndipo pali anthu amene amabwera kudzapuma, safuna kukangana ndi anzawo ngakhale mongosewera. Gulu lotero lichepetse malamulo a chilango, lichulukitse a kagawidwe ndi a ulendo.

Nanga kaputeni akhale ndani?

Funso ili lapasula magulu ambiri kuposa lina lililonse, choncho liyankhidwe tsiku loyamba.

Mukhoza kupereka ukaputeni kwa mtengambali wa wotsogolera. Palibe wosewera amalamula mnzake, koma ndiye kuti wotsogolera akudzilamula yekha kumene nthano ipite, ndipo tabwerera ku vuto lija la zophikaphika. Zimayenda ngati kaputeniyo ndi wankhanza amene adzagwetsedwe posachedwa, monga pa Wormwood.

Mukhoza kupatsa wosewera mmodzi mpaka kalekale. N'zosavuta, koma atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pagulu la anthu asanu tambala wachiwiri sasowa.

Njira yachitatu ndi ya mbiri yeniyeni, ndipo ndi imene ndimalimbikitsa. Kaputeni ankasankhidwa ndi voti, ndipo mawu ake anali osatsutsika pa nthawi yothamangitsa chombo kapena ya nkhondo yokha. Nthawi zina zonse mphamvu zambiri zinali ndi quartermaster, wosankhidwanso ndi gulu, amene ankasunga ndi kugawa katundu, kuweruza timilandu ndi kulankhulira anthu wamba. Komwe chombo chipite ankavotera onse. Ndipo kaputeni ankachotsedwa. Benjamin Hornigold anachotsedwa mu 1716 chifukwa chokana kugwira zombo za Angerezi anzake, gulu n'kusankha Sam Bellamy. Charles Vane anachotsedwa mu November 1718 atakana kumenyana ndi chombo chankhondo cha Afalansa, m'malo mwake n'kulowa quartermaster wake, John Rackham. Edward England anachotsedwa atachitira chifundo kaputeni James Macrae, amene anamenyana naye ku Anjouan, chilumba cha ku Comoros, mu 1720, ndipo anamusiya ku Mauritius. Taonani zifukwa zake: wina kukonda dziko lake, wina kuchenjera kumene anzake anakutcha mantha, wina chifundo. Zitatu zonsezi ndi nthano zathunthu, ndipo palibe imene ikufuna mdani wochokera kunja.

Patebulo zimatanthauza kuti osewera awiri ali ndi mipando yokokana, ena atatu ali ndi mavoti amene awiriwo ayenera kuwanyengerera. Aliyense ali ndi kanthu m'manja. Chenjezo langa ndi limodzi: gwirizanani poyera kuti kuchotsedwa pa ukaputeni si kuchotsedwa m'masewera. Wochotsedwayo akhale ndi kolowera, kaya akhale wolondola njira, kaya woyang'anira chombo chachiwiri.

Nyanja iti?

Caribbean ya pakati pa 1713 ndi 1725 ndi imene aliyense amaiona m'maso akamva za achifwamba, ndipo ubwino wake ndi womwewo: simufunika kufotokoza zambiri. Mbiri yake ili ngati inalembedwera masewera. Nkhondo ya mayiko a ku Ulaya itatha ndi pangano la ku Utrecht mu 1713, amalinyero ambirimbiri anasowa ntchito. Mu July 1715 namondwe anamiza zombo za chuma za Spain kugombe la Florida, anthu n'kuthamangirako kukatola siliva. Nassau, doko la ku zilumba za Bahamas, inasanduka mudzi wa achifwamba. Kenako mu September 1717 Mfumu George I inalengeza chikhululukiro kwa odzipereka, ndipo mu July 1718 Woodes Rogers anafika ku Nassau ngati bwanamkubwa. Hornigold analandira chikhululukiro n'kuyamba kusaka anzake akale, Vane anathawa akuwombera. Funso loti "tilandire kapena tikane?" likhoza kudyetsa gulu miyezi itatu.

Nyanja ya India ndi imene ine ndimaikonda, ndipo ndi yosagwiritsidwa ntchito mokwanira. Henry Every anagwira Ganj-i-Sawai, chombo cha mfumu Aurangzeb ya ku India, mu 1695 chikuchokera ku Mocha kupita ku Surat, ndipo iye sanagwidwe konse. Kachilumba ka Sainte-Marie, kugombe la Madagascar, kanali msika wa achifwamba kumene Adam Baldridge ankagulitsa wonga ndi mowa kuyambira cha mu 1691. William Kidd anafikako atagwira chombo chotchedwa Quedagh Merchant mu 1698, asanakanyongedwe ku London mu 1701. Mu 1721 John Taylor ndi Olivier Levasseur anapeza Nossa Senhora do Cabo ya Apwitikizi itaima ku Réunion yothyoka ndi namondwe, yodzaza ndi chuma chochokera ku Goa, ndipo chaka chotsatira achifwamba analanda linga la Adatchi ku Delagoa Bay, pamene lero pali Maputo. Kunoko mphepo ndiyo mfumu: miyezi ina imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ina kuchokera kum'mwera chakumadzulo, ndipo ukaphonya nyengo umadikira miyezi padoko. Kalendala yokhayo imakupatsani tsatanetsatane. Ndiponso nyanjayi si yachilendo kwa ife. Minyanga ya njovu yochokera kumtunda kuno, m'manja mwa Amaravi ndipo kenako Ayao, inkatsikira ku Ilha de Moçambique ndi ku Kilwa. Wosewera wofuna mtengambali amene anaperekeza minyanga kugombe n'kupezeka ali m'chombo sakunamiza mbiri.

Ofuna nkhondo za zombo zambirimbiri ayang'ane kugombe la kum'mwera kwa China, kumene Zheng Yi Sao anatsogolera mgwirizano wa zombo mazanamazana kuchokera mu 1807, mwamuna wake atamwalira, mpaka mu 1810 pamene anakambirana ndi boma n'kutula zida ali ndi moyo ndi chuma chake. Imeneyo ndi nthano ya ndale ndi misonkho kuposa ya chombo chimodzi.

Dziko longopeka, monga Théah ya m'masewera a 7th Sea a mu 1999, kapena Caribbean ya mizukwa ya m'masewera a Pirate Borg, limamasula manja. Palibe angakutsutseni za chaka. Lamulo la Roberts loletsa akazi m'chombo mukhoza kulitaya, ngakhale kuti ndi m'mbiri yeniyeni momwe Anne Bonny ndi Mary Read anamenya nkhondo m'chombo cha Rackham mpaka kugwidwa mu 1720.

Pali nkhani imodzi imene musailumphe, kaya mwasankha nyanja iti. Nyanja za nthawi imeneyo zinali njira za malonda a akapolo. La Concorde inali itanyamula anthu a ku Africa mazana angapo pamene Blackbeard anaigwira. Whydah ya Bellamy, yomwe inamira ku Cape Cod mu April 1717, inamangidwira ntchito yomweyo. Baldridge anathawa ku Sainte-Marie mu 1697 eni dziko atamuukira chifukwa chogulitsa anthu awo. Anthu a Roberts anatentha chombo chotchedwa Porcupine ku Ouidah mu 1722 muli anthu omangidwa pafupifupi 80. N'zoona kuti m'zombo zina anthu akuda ankamenya nkhondo ndi kulandira gawo, koma n'zoonanso kuti gulu la Roberts litagwidwa, azungu anazengedwa mlandu ku Cape Coast Castle, 52 n'kunyongedwa, pamene anzawo akuda anagulitsidwa ukapolo. Kwa ife amene makolo athu anadutsa pa Nkhotakota atamangidwa magoli, iyi si nkhani yokongoletsera nthano. Gulu likambirane: kodi zilimo m'dziko lathu? Ngati zilimo, atengambali athu aima pati? Zikuonetsedwa, kapena zikungotchulidwa? Osewera ambiri amagwiritsa ntchito njira ya mindandanda iwiri, wa zimene sizilowa n'komwe ndi wa zimene zichitike kuseri osafotokozedwa. Ena amaika patebulo khadi lolembedwa X, limene John Stavropoulos anayambitsa, loti aliyense akaligwira nkhaniyo isinthe popanda kufunsidwa chifukwa. Sankhani imene mwafuna, koma musayembekeze kuti mudzaganize chombo cha akapolo chitaonekera kale kutsogolo kwanu.

Tsatanetsatane: kulemba kapena kutchera

Mukakhala ndi chombo, malamulo ndi anthu olukana, funso lotsala ndi lakuti nkhani yeniyeniyo muikonze mpaka pati. Magulu ena amagwirizana mathero onse: tidzapeza chuma m'gawo lachitatu, uyu adzapereka anzake m'lachinayi. Zimathandiza olemba nthano limodzi pa WhatsApp kapena Discord, kumene yankho limabwera mawa kapena mkuja malinga ndi bandulo ndi magetsi, chifukwa popanda chikhomo chooneka nkhani imasochera. Koma patebulo zimapha chidwi. Kupereka anzako kumene aliyense akukudikira sikupweteka.

Ine ndimatchera m'malo molemba. Blades in the Dark ili ndi kachipangizo kosavuta: jambulani kabwalo, kaduleni magawo 4, 6 kapena 8, lembani pamwamba chinthu chimene chikubwera, ndipo nthawi iliyonse imene gulu lachedwa kapena lalakwitsa, detsani gawo limodzi. Mabwalo atatu ndi okwana. Loyamba la kunja: bwanamkubwa watsopano afika. Lachiwiri la chombo: kunsi kwaola. Lachitatu la m'kati: anthu wamba ataya chikhulupiriro mwa kaputeni. Onse akuwaona akudzaza, palibe akudziwa kuti ndi liti lidzadzaze loyamba, ngakhale wotsogolera. Wosewera aliyense apereke bwalo limodzi kapena mdani mmodzi wochokera m'mbiri ya mtengambali wake, koma asanene mmene zidzathere.

Pa madayisi musavutike ndi a mbali 20 ngati mulibe. Njira ya Apocalypse World imafuna awiri a ludo, n'kuphatikiza manambala ake: 10 kapena kuposa wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma walipira kanthu, 6 kutsika zinthu zaipa. Gawo lapakatilo ndi limene limabala nkhani, poti chombo chija mwachigwira koma mlongoti wanu wathyoka.

Ndipo musaiwale pepala la zosowa lija. Mu May 1718 Blackbeard anatseka doko la Charleston, ku America, kwa masiku angapo, anagwira zombo ndi anthu olemekezeka a mumzindawo, ndipo dipo limene anafuna linali bokosi la mankhwala. Anthu ake ankadwala. Tsiku lanu loyamba kusewera likhoza kuyambira pomwepo: wotsogolera ayang'ane pepala la chombo, aone chimene chatsala pang'ono kutha, atembenukire kwa quartermaster n'kufunsa kuti, "Madzi atsala a masiku anayi, doko lapafupi ndi lomwe wowombera mizinga anagulitsako wonga uja. Muwauza chiyani anthu?"